Laputopu Ikagona Osadzukanso: Malangizo Ozembera Zolakwika za Firmware

Pali funso limodzi limene limabwera mobwerezabwereza pamalo amene ndimakonzera makompyuta kuno ku Dedza boma. Amabwera nalo aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, ophunzira ochokera ku Bembeke ndi ku Linthipe, ngakhalenso amalonda a ku Lizulu, ndipo madandaulo awo amafanana: akatseka laputopu kenako n'kuitsegula, sikirini imangoti bii, fani ikulira, ndipo palibe batani limene likuyankha mpaka ataizimitsa mokakamiza. Ena amati laputopu imadzuka yokha m'chikwama, n'kukafika kumene akupita itatentha kwambiri, batire litatheratu. Ambiri amakhala atalipira kale kuti wina awafomatire kompyutayo, koma vuto osasuntha. Ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense alitsatire payekha, kapena alionetse kwa womukonzera.

Kompyuta ikagona sikuti yazima. Zonse zimene munatsegula zimatsala mu RAM, mbali yosungira kwa kanthawi zimene mukugwiritsa ntchito, imene imapitiriza kulandira magetsi pang'ono pamene purosesa, sikirini ndi disiki zapumula. Ntchito yogoneka ndi kudzutsa zipangizozi sigwiridwa ndi Windows kapena Linux yokha, chifukwa mbali yomaliza imagwiridwa ndi firmware, pulogalamu imene kampani yopanga kompyutayo inalemba m'kachipangizo ka pa bodi. Ambirife timangoitchula kuti BIOS, ngakhale kuti pa makompyuta a masiku ano imakhala UEFI. Zili ngati mwini golosale amene amasiya makiyi kwa mlonda madzulo: mlondayo akapanda kubweza makiyi m'mawa, golosale sitsegulidwa ngakhale katundu yense ali bwinobwino m'katimo. N'chifukwa chake kufomata sikuthandiza, pakuti kumasintha zimene zili pa disiki pomwe cholakwika chili pa bodi.

Windows kapena Linux imamvana ndi firmware potsatira ndondomeko yotchedwa ACPI, imene makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa mu 1996. Opanga malaputopu ambiri amayesa firmware yawo ndi Windows imene ilipo pa nthawi yogulitsa, ndipo ikagwira ntchito pamenepo amakhutira. Malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito, opangidwira Windows 7, 8 kapena 10, ndipo kuchokera pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anthu ochuluka akuikamo Linux Mint, Ubuntu kapena Windows 11. Firmware yakale ikukumana ndi mapulogalamu amene sinayesedwe nawo, ndipo pogona ndi podzuka ndi pamene kusamvanako kumaonekera. Firmware simungailembe nokha, koma mungathe kupeza pamene ikupunthwa n'kudutsa njira ina. Musanayambe, koperani mafayilo anu ofunika pa fulashi, chifukwa mudzazimitsa kompyuta mokakamiza kangapo, ndipo khalani ndi kope lolembamo chilichonse chimene mwasintha.

1. Tsimikizani kuti vuto si batire

Popeza RAM imafuna magetsi kuti isunge zinthu, laputopu ya batire lakufa imataya zonse magetsi akangothima kapena mukangozula tchaja, ndipo mukaitsegula imayamba ngati kuti inazimitsidwa. Limeneli si vuto la firmware. Igonekeni tchaja ili m'magetsi, dikirani mphindi zochepa, kenako idzutseni. Ikadzuka bwino pa tchaja koma n'kulephera pa batire lokha, kayikirani batire poyamba. Ngati koloko ya kompyuta imabwerera m'mbuyo nthawi zonse, kabatire kozungulira ka pa bodi, kamene kawirikawiri kamakhala CR2032, katha, ndipo kakatha BIOS imaiwala zimene munaisankhira.

Chitaninso ichi kamodzi: zimitsani kompyuta, zulani tchaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, ndipo dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30. Izi zimayambitsanso kachipangizo kotchedwa EC, kamene kamayang'anira kiyibodi, chivundikiro ndi kutchaja. Pa ma ThinkPad ambiri a batire lam'kati pali kabowo pansi kolowetsapo kawaya kochitira zomwezi.

2. Dziwani bwino mtundu wa vuto lanu

Mawu akuti "siikudzuka" amabisa mavuto osiyana. Pali kompyuta imene imakana kugona kapena imagona n'kudzuka nthawi yomweyo. Pali imene imagona osadzukanso. Pali imene imadzuka koma Wi-Fi, mawu, kiyibodi kapena touchpad zitafa. Ndipo pali imene imaoneka ngati yagona koma ikutentha ndi kudya batire. Sikirini ikakhala yakuda, musathamangire kuzimitsa. Dinani Caps Lock n'kuona ngati kanyali kake kakuyaka ndi kuzima. Kakamayankha, ndiye kuti kompyuta yadzuka ndipo chimene chatsalira ndi sikirini kapena driver ya zithunzi (driver ndi pulogalamu yoyendetsa chipangizo). Kakapanda kuyankha, kompyuta yaima isanamalize kudzuka. Lembani zimene mwaona, chifukwa masitepe otsatirawa adalira pamenepa.

3. Onani tulo timene kompyuta yanu imagona

ACPI inapatsa manambala magonedwe osiyanasiyana. S3 ndi tulo takale tija, timene pafupifupi chilichonse chimazima kupatula RAM. S4 ndi hibernate, pamene zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki ndipo kompyuta imazimiratu. Malaputopu atsopano ali ndi tulo tina timene Microsoft imatitchula Modern Standby ndipo Linux imatitchula s2idle, pamene kompyuta siizima kwenikweni koma imachepetsa kwambiri magetsi monga imachitira foni. Tulo timeneti timafuna kuti chipangizo chilichonse chivomere kupumula, ndipo chimodzi chokha chikakana, laputopu imatentha m'chikwama.

Pa Windows tsegulani Command Prompt ngati administrator n'kulemba `powercfg /a`, ndipo mudzaona ngati pali S3 kapena S0 Low Power Idle, imene ndiyo Modern Standby ija. Pa Linux tsegulani Terminal n'kulemba `cat /sys/power/mem_sleep`. Yankho lingakhale ndi mawu awiri, s2idle ndi deep, ndipo amene atsekeredwa m'timizere ta mbali zonse, motere [ ], ndiwo akugwira ntchito. Deep ndiye S3. Mukaona onse awiri muli ndi mwayi, chifukwa nthawi zambiri firmware imalakwitsa njira imodzi yokha. Kuti muyese inayo lembani `echo deep | sudo tee /sys/power/mem_sleep`, kapena s2idle m'malo mwa deep, kenako igonekeni. Kusinthaku kumatha mukayambitsanso kompyuta, choncho palibe chimene mungawononge.

4. Ikani BIOS yatsopano, koma mosamala

Kawirikawiri kampani imakhala itakonza kale cholakwikacho zaka zapitazo, kungoti mwini wake woyamba wa laputopuyo sanaikemo BIOS yatsopano. Onani nambala ya imene muli nayo polemba `msinfo32` pa Windows, kapena `sudo dmidecode -s bios-version` pa Linux, kenako pitani pa tsamba la kampani yomwe, kaya ndi Lenovo, Dell kapena HP, n'kufufuza pogwiritsa ntchito nambala imene yalembedwa pansi pa laputopu. Fayiloyo siikhala yaikulu, moti bandulo ya pa foni imakwanira. Pa Linux mungayese `fwupdmgr refresh`, kenako `fwupdmgr get-updates` ndi `fwupdmgr update`, ngakhale kuti malaputopu akale kwambiri sapezeka pamenepo.

Apa ndipo ndikuchenjezani mwamphamvu. Magetsi akathima BIOS ili pakati pa kulembedwa, kompyuta ingathe kusayakanso mpaka kachipangizo ka pa bodi katalembedwanso ndi makina apadera. Musachite zimenezi ndi batire lakufa. Bwerekani labwino la mtundu womwewo, kapena pitani pamalo pamene pali magetsi a sola odalirika. Musatenge BIOS pa magulu a WhatsApp kapena ya laputopu yongofanana dzina. Ngati disiki yanu inatsekedwa ndi BitLocker, sungani kaye kiyi yake ya manambala 48 ndipo muiimitse kwa kanthawi musanayambe, chifukwa BIOS ikasintha Windows ingakufunseni kiyiyo, ndipo popanda iyo mafayilo anu simuwaonanso.

5. Yang'anani zosankha za mu BIOS ndi Fast Startup

Lowani mu BIOS poyatsa kompyuta, podina F1 pa ThinkPad, F2 pa Dell kapena F10 pa HP. Jambulani tsamba lililonse ndi foni musanasinthe kanthu. Pa ma ThinkPad ena pali Sleep State pansi pa Config ndi Power, pamene mungasankhe Windows kapena Linux, ndipo kusankha Linux kumabweretsa S3. Pa Dell zina pali Block Sleep, imene ikayatsidwa imaletsa kugona. Zimitsani Wake on LAN ngati simuigwiritsa ntchito. Musakhudze gawo la SATA lolembedwa AHCI kapena RAID, pakuti kulisintha kungachititse kuti Windows ikane kuyamba.

Pa Windows zimitsaninso Fast Startup mu Power Options. Ikakhala yoyatsa, Shut down siizimitsa kompyuta kotheratu koma imasunga mbali ya Windows pa disiki, kotero driver imene yasokonezeka imabweranso yosokonezeka mawa lake. Poyesa zinthu gwiritsani ntchito Restart.

Pali amene amazimitsa Modern Standby polemba `PlatformAoAcOverride` ya mtengo 0 mu registry, momwe Windows imasungira zosankha zake, pansi pa `HKLM\System\CurrentControlSet\Control\Power`. Zimagwira ntchito pokhapokha ngati firmware ikadali ndi S3 yabwino. Pa malaputopu ambiri atsopano S3 inachotsedwa kapena inasiyidwa yosayesedwa, ndiye mukatero mumataya kugona konse. Zikakuchitikirani, fufutani chimene munalembacho n'kuyambitsanso kompyuta.

6. Ngati imadzuka yokha, pezani chimene chikuidzutsa

Pa Windows, ikangodzuka lembani `powercfg /lastwake` kuti muone chimene chaidzutsa, `powercfg /devicequery wake_armed` kuti muone zipangizo zimene zili ndi chilolezo choidzutsa, ndi `powercfg /waketimers` kuti muone mapulogalamu amene anatchera nthawi. Kawirikawiri wolakwa amakhala mausi yopanda waya: kachipangizo kake katsala m'laputopu, mausiyo ili m'chikwama chomwecho yosazimitsa, ndiye kabaza akamagwedezeka pa msewu wafumbi, laputopu imadzuka. Chotsani chilolezocho mu Device Manager, pa tsamba la Power Management la chipangizocho. Pa laputopu ya Modern Standby, `powercfg /sleepstudy` imalemba lipoti losonyeza chipangizo chimene chinakana kupumula.

Pa Linux lembani `cat /proc/acpi/wakeup`. Mudzaona mayina aafupi monga XHC, amene ndi USB, LID wa chivundikiro, ndi GLAN wa waya wa intaneti. Pa mabodi ena a AMD wovutitsa amakhala GPP0. Zimitsani limodzi mwa amene alembedwa enabled motere: `echo XHC | sudo tee /proc/acpi/wakeup`, kenako yesani. Dziwani kuti lamuloli limatembenuza: mukalilemba kawiri mwayatsanso. Limaiwalikanso kompyuta ikayambanso, choncho mukapeza dzina lolakwa, lembani `sudo crontab -e` n'kuwonjezera mzere wakuti `@reboot echo XHC > /proc/acpi/wakeup`. Mukazimitsa XHC, kiyibodi ya USB siidzaidzutsanso kompyuta, ndiye muzigwiritsa ntchito batani loyatsira.

7. Ngati siidzuka, pezani pamene ikuima

Ili ndilo gawo lovuta, ndipo malangizo ambiri amalidumpha n'kungokupatsani mndandanda wa mawu oti muyese. Amalidumpha chifukwa kompyuta imene yaima isanadzuke siilemba chilichonse pa disiki, popeza disikiyo imakhala isanadzuke nayonso. Mukayang'ana mu Event Viewer ya Windows mudzangopeza Kernel-Power 41, imene imangonena kuti kompyuta inazimitsidwa mosayenera, zimene mukudziwa kale. Pa Linux, `journalctl -b -1` imasonyeza zimene zinalembedwa ulendo wapitawo, ndipo nthawi zambiri mzere womaliza umangonena kuti kompyuta ikulowa m'tulo. Iwerengenibe, chifukwa nthawi zina pamwamba pake pamakhala mizere ya ACPI Error yotchula chipangizo, komanso onani `cat /sys/power/suspend_stats/last_failed_dev`, imene imatchula chipangizo chimene chinakana kugona, bola musanayambitsenso kompyuta.

Linux ili ndi njira yoyesera kugona pang'onopang'ono, ndipo ngakhale amene mumagwiritsa ntchito Windows ndikukulangizani kuti muyatse Linux ya pa fulashi, osaiika pa disiki, kuti mufufuzire pamenepo. Kugona kuli ndi magawo asanu otsatana, ndipo fayilo ya `/sys/power/pm_test` imakulolani kulamula kompyuta kuti ifike pa gawo limene mwasankha, idikire masekondi 5, kenako ibwerere yokha. Lembani `echo freezer | sudo tee /sys/power/pm_test` kenako `systemctl suspend`. Ikabwerera bwino, bwerezani ndi devices, kenako platform, processors ndi core, m'ndondomeko yomweyi osadumpha. Pa s2idle magawo atatu oyambirira okha ndiwo amayesedwa.

Tanthauzo la zotsatira ndi ili. Ikalephera pa freezer, pali pulogalamu imene ikukana kuimitsidwa, ndipo dzina lake mulipeza polemba `sudo dmesg`. Firmware ilibe mlandu. Ikalephera pa devices, vuto lili pa driver ya chipangizo chimodzi kapena pa mmene firmware imachifotokozera, ndipo ameneyu ndiye mtundu wosavuta kuuzemba. Ikalephera pa platform, ndiye kuti malamulo a ACPI a mu firmware ndi amene akupunthwa. Ikadutsa magawo onse asanu koma n'kulepherabe ikagona zenizeni, vuto lili pa kamphindi kamene firmware yatsala yokha ndi kompyuta, ndipo pamenepo chothandiza ndi BIOS yatsopano, kusintha mtundu wa tulo, kapena mawu owonjezera amene ndifotokoze pa sitepe yachisanu ndi chitatu. Mukamaliza lembani `echo none | sudo tee /sys/power/pm_test`. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, kenako amadandaula kuti laputopu yayamba kudzuka yokha pakangopita masekondi ochepa.

Zikaoneka kuti vuto lili pa devices, muyenera kudziwa kuti ndi chipangizo chiti. Yambani ndi njira ya manja: zulani zonse za pa USB, khadi la SD ndi waya wa sikirini yachiwiri. Kenako lembani `lsmod` kuti muone ma driver amene ali m'kati, chotsani amene mukuwakayikira mmodzimmodzi ndi `sudo modprobe -r` motsatana ndi dzina lake, ndipo yesani gawo la devices mukachotsa aliyense. Oyamba kuwakayikira ndi a Wi-Fi, Bluetooth, kamera ndi chowerengera makhadi. Pa Windows zofanana nazo ndi kuzimitsa zipangizo chimodzichimodzi mu Device Manager. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo chiyeso chimabwera choti muchotse zinthu zitatu nthawi imodzi. Mukatero n'kuona kuti zatheka, simudziwa kuti chathandiza n'chiti, ndipo mudzakhala opanda Bluetooth kapena kamera popanda chifukwa. Ngati ma driver ndi ochuluka, chotsani theka lawo, yesani, kenako gawaninso pakati theka limene lili ndi vutolo mpaka patatsala mmodzi.

Njira ya manja ikakanika, pali chida china chotchedwa pm_trace. Popeza disiki siingalembedwe, Linux imasunga chizindikiro cha chipangizo chomaliza chimene inachikhudza mu koloko ya pa bodi, imene siifufutika kompyuta ikazima. Lembani `echo 1 | sudo tee /sys/power/pm_trace`, igonekeni, yesani kuidzutsa, ndipo ikaima izimitseni n'kuiyatsa nthawi yomweyo, pasanathe mphindi zitatu, chifukwa koloko ikupitiriza kuyenda ndipo chizindikirocho chimasokonezeka. Ikayaka lembani `sudo dmesg | grep "hash matches"`. Mukapeza nambala yooneka ngati 0000:03:00.0, lembani `lspci -k -s 03:00.0` ndipo mudzaona dzina la chipangizocho ndi driver yake. Nthawi zina pamatuluka mayina angapo, ndiye sankhani amene ndi chipangizo chenicheni cha m'laputopu yanu n'kumuyesa ndi modprobe.

Chida chimenechi chimasokoneza tsiku ndi nthawi, moti masamba a intaneti angakane kutseguka mpaka mutakonza koloko. Musachite mantha, ingokonzani tsiku. Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti pm_trace ikayatsidwa, Linux imagoneka zipangizo chimodzichimodzi m'malo mozigoneka pamodzi. Choncho vuto likangosowa mutaiyatsa, mwapeza yankho: zipangizo ziwiri zimalimbana pogona kapena podzuka, ndipo `echo 0 | sudo tee /sys/power/pm_async` imazilekanitsa popanda kusokoneza koloko.

8. Zembani cholakwikacho, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi

Mukapeza driver yovuta, ichotsedwe kompyuta isanagone ndipo ibwezedwe ikadzuka. Pangani fayilo mu `/usr/lib/systemd/system-sleep/` yokhala ndi mizere iyi, n'kuika dzina la driver yanu pamene palembedwa DZINA:

```
#!/bin/sh
case "$1" in
  pre) modprobe -r DZINA ;;
  post) modprobe DZINA ;;
esac
```

Ipatseni chilolezo chogwira ntchito ndi `sudo chmod +x` motsatana ndi dzina la fayiloyo, apo ayi siidzawerengedwa ndipo palibe chimene chidzakuuzeni chifukwa chake. Pa Windows chofanana nacho ndi kuika driver ya pa tsamba la kampani yopanga laputopuyo, makamaka ya chipset ndi ya zithunzi, m'malo mwa imene yabwera ndi mapulogalamu ongosonkhanitsa ma driver amene amayendayenda pa mafulashi. Amene muli ndi khadi la NVIDIA pa Linux onani ngati nvidia-suspend ndi nvidia-resume zayatsidwa mu systemd.

Vuto likakhala pa firmware yeniyeniyo, timagwiritsa ntchito mawu owonjezera amene kernel, imene ndi mtima wa Linux, imapatsidwa poyamba. Musawalembe m'fayilo musanawayese. Poyatsa kompyuta dinani Esc, kapena gwirani Shift, kuti GRUB, pulogalamu yoyambitsira Linux, ioneke, dinani e, pezani mzere woyamba ndi mawu akuti linux, wonjezerani mawu anu pambuyo pa quiet splash, kenako dinani F10. Kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha, kotero zikavuta mumangozimitsa n'kuyatsanso. Ikayaka tsimikizani ndi `cat /proc/cmdline` kuti mawuwo alowadi.

Mawu oyamba kuyesa ndi `mem_sleep_default=deep`, kapena s2idle, malinga ndi zimene munapeza pa sitepe yachitatu. Ngati kiyibodi imafa podzuka, yesani `i8042.reset` kapena `atkbd.reset`. Ngati kompyuta imadzuka koma n'kuima posakhalitsa chifukwa SSD ya NVMe yasowa, yesani `nvme_core.default_ps_max_latency_us=0`, ngakhale kuti batire lidzatha msanga pang'ono. Mawu amene amafuna kuwamvetsa ndi acpi_osi. Firmware imafunsa kuti ikulankhula ndi Windows iti, ndipo imasintha khalidwe malinga ndi yankho. Linux imavomera mayina onse a Windows amene ikuwadziwa, ndiye firmware imatsata njira ya Windows yatsopano kwambiri, imene mwina sinayesedwe bwino. Mukalemba `acpi_osi=! acpi_osi="Windows 2009"` mukufufuta mayankho onse n'kusiya la Windows 7 lokha. Windows 2012 ndi Windows 8, Windows 2013 ndi 8.1, ndipo Windows 2015 ndi Windows 10. Yambani ndi imene laputopuyo inagulitsidwa nayo, imene chomata cha pansi chingakuuzeni, ndipo mukayesa onaninso ngati mabatani owalitsira sikirini ndi touchpad zikugwirabe ntchito, pakuti mawu amenewa amakhudza zambiri.

Mawu akathandiza, alembeni mu `/etc/default/grub` pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT, kenako `sudo update-grub`. Cholakwika chofala pano ndi cha timizere togwira mawu: popeza mzere wonse uli kale m'timizere totero, ta m'kati tiyenera kutsogozedwa ndi kamzere kopendama, motere: `acpi_osi=\"Windows 2009\"`. Mukaiwala, mawuwo amaduka pakati ndipo kernel siiwalandira monga munafunira.

Pali njira ina yozama yotulutsa tebulo la ACPI lotchedwa DSDT, kulikonza ndi pulogalamu ya iasl, n'kulipereka kwa kernel m'malo mwa la firmware. Imagwiradi ntchito, koma sindiilangiza kwa munthu amene kompyutayo ndi yogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku, chifukwa tebulo lolakwika lingasokoneze fani ndi kutchaja, ndipo liyenera kukonzedwanso BIOS ikasintha. Musatengenso DSDT ya munthu wina pa intaneti.

9. Yesani mobwereza musananene kuti zatheka

Zolakwika za firmware zambiri sizioneka ulendo uliwonse. Pa Linux, `sudo rtcwake -m mem -s 60` imagoneka kompyuta n'kuidzutsa pakatha masekondi 60, ndipo muibwereze maulendo osachepera khumi, pm_trace itazimitsidwa. Yesani pa tchaja, yesani pa batire, yesani potseka chivundikiro, ndipo koposa zonse yesani kuzula kapena kulowetsa tchaja kompyuta ili m'tulo, chifukwa zimenezo n'zimene zimachitika magetsi akathima usiku n'kuyakanso m'bandakucha. Pomaliza isiyeni usiku wonse pa batire, mutalemba kuchuluka kwa batire pogona ndi podzuka. Ikadya gawo lalikulu kapena mukaipeza yofunda, ndiye kuti sinagone bwino, ndipo bwererani pa sitepe yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi.

10. Zikakanika, gwiritsani ntchito hibernate

Pali malaputopu amene firmware yake sinakonzedwe ndipo kampani inasiya kuisamalira. Pa amenewa musataye masabata. Hibernate imadutsa njira ina, chifukwa kompyuta imazimiratu n'kuyaka monga mwa masiku onse, kenako n'kuwerenga pa disiki zimene munasiya. Imachedwa masekondi ochulukirapo, koma siidya batire, siidzutsidwa ndi mausi m'chikwama, ndipo magetsi akathima simutaya kanthu. Kwa munthu wa batire lofooka, kapena amene amayenda ndi laputopu pa minibasi kuchoka ku Ntcheu kupita ku Lilongwe, ndimaona kuti ndi yabwino kuposa kugona ngakhale pamene firmware ilibe vuto.

Pa Windows lembani `powercfg /h on` ngati administrator, kenako mu Power Options sankhani kuti kutseka chivundikiro kuzichita Hibernate, pa batire ndi pa tchaja pomwe. Pa Linux pamafunika ntchito yochulukirapo: swap, malo a pa disiki amene Linux imasungiramo za mu RAM, ikhale yaikulu pafupifupi ngati RAM, kernel ipatsidwe mawu a `resume=` osonyeza pamene swap ili, ndipo pa Ubuntu ndi Linux Mint muyenera kuzimitsa Secure Boot mu BIOS chifukwa ikakhala yoyatsa kernel imakana hibernate. Yesani ndi `sudo systemctl hibernate`, ndipo zikatheka lembani `HandleLidSwitch=hibernate` mu `/etc/systemd/logind.conf` n'kuyambitsanso kompyuta.

Kope lija musalitaye. Lembanimo mtundu wa laputopu, nambala ya BIOS, gawo la pm_test limene linalephera ndi mawu amene mwasiya mu GRUB. Mukadzaika BIOS kapena Linux yatsopano, chotsani mawuwo pa GRUB kwa ulendo umodzi n'kuyesanso, chifukwa cholakwikacho chikakonzedwa, mawu monga acpi_osi ndi a NVMe aja amayamba kubweretsa mavuto awoawo.